Digiri ya Mpira ndi Bambo wa ku Bilston

1

Ine ndine wamanyazi. Ndayamba ndi zimenezi kuti mukamva zimene ndinachita musati ndinabadwa wolongolola. Kutchalitchi kwathu kuno ku Birmingham kuli azimayi amene kwa zaka zambiri ankaganiza kuti ndinaiwala Chichewa, chifukwa akandipatsa moni ndinkangonyonyomala pang'ono maso ali pa nsapato zawo. Nsapato za mpingo wonse ndimazidziwa. Nkhope ndiye musandifunse.

Dzina langa ndine Ndaziona. Ndinabwera kuno mu 2001 ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, kutsatira amayi anga a Mildred, amene ndi nesi pachipatala china chachikulu mumzinda muno. Timakhala ku Kings Heath, m'kanyumba kopyapyala kuseri kwa High Street. Adadi aliponso, dzina lawo a Gresham, koma musadabwe mukapanda kuwamva kwenikweni. Kwathu ndi ku Dowa, ndipo mkamwini ndi mkamwini ngakhale atakwera ndege. Nkhani ya mwana ikayambika pabalaza, iwo amangokweza TV.

Wogamula nkhani zanga ndi mwinimbumba, amalume anga a Rapson, alongo awo a amayi. Iwo ndiwo anayamba kufika ku England, kudzaphunzira za maakaunti, kenako n'kuthandiza mlongo wawo kupeza ntchito. Munthu wa masuti, wa perefyumu yofika m'nyumba mwini wake akadali pageti. Chakumapeto kwa 2005 anatitumizira meseji yoti apeza ntchito yaikulu ku Aberdeen, ku Scotland, ndipo anyamuka mwadzidzidzi. Kuyambira pamenepo tinkangowamva pameseji. Ukawaimbira sayankha, pakapita kanthawi foni n'kulira: "In a meeting." Amayi ankanyadira koopsa. "Achimwene ali pamitingi," ankatero kutchalitchi, ngati mitingi ndi ufumu.

Tsono ine ndinkafuna kudzakhala fiziyo. Ndivomere kuti ndinayamba kuifuna ntchitoyi pa zifukwa zopanda ulemu. Ndinkaona amayi akubwera kunaiti mapazi atatupa ngati mabanzi. Tsiku lina nditawaperekeza kuchipatala, ndinaona mayi wina atavala malaya oyera a kolala akuyendetsa nkhalamba pakhonde, onse awiri akuseka.

"Amenewo ndi ndani, Mum?"

"Afiziyo. Amaphunzitsa anthu kuyendanso akathyoka kapena akafa ziwalo. Dzuwa lisanalowe ali kwawo. Naiti saidziwa, beseni la chimbudzi saligwira."

Pomwepo ndinamva maitanidwe.

2

Mu Ogasiti 2006 zotsatira za A-level zinatuluka. Sindikuuzani magiredi onse, nanenso ndili ndi ulemu wanga. Ingodziwani kuti Chemistry inandichita chipongwe, ndipo mayunivesite onse amene ndinaapulaya ufiziyo anatseka zitseko mwaulemu wachizungu uja, wokukana akumwetulira.

Kuno zikatero pamatsala kamsika kotchedwa Clearing. Umaimba foni m'mayunivesite kufunsa makosi amene atsala ndi malo. Ndi kaunjika wa madzulo, ukachedwa umapeza zabwino zonse zatengedwa.

Ndinaimbira a Ann, fiziyo wachizungu amene ndinawatsatira pantchito kwa sabata imodzi m'Febuluwale, sukulu itatitumiza kukaonera ntchito. Anandiuza kuti njira ina ilipo, yozungulira. Uyambe wachita digiri ina yokhudza thupi la munthu, ukhoze bwino ndithu, kenako upemphe malo a ufiziyo wa Masters. Nkhani inali yosankha digiri yoyambayo. Ndinafufuza, ndinapeza malo ku yunivesite ya Wolverhampton, ndipo anati ndiwaimbirenso kumayambiriro kwa sabata yotsatira, malowo asanapite kwa wina.

"Digiri ya chiyani?" anafunsa amayi akusita yunifolomu.

"Sport and Exercise Science, Mum."

"Undiuze m'Chichewa, ndimve bwino kupusa kwake."

"Za minofu, mafupa, mmene thupi limayendera munthu akamathamanga..."

"Digiri ya mpira."

"Si ya mpira."

"Gresham, mwamva? Mwana wanu akufuna digiri ya mpira."

TV inakwera.

"Ine ndinasiya wodi yanga ku Lilongwe," anapitiriza amayi simbi ili m'mwamba, "ndikutembenuza nkhalamba za eni ake usana ndi usiku, kuti iwe udzaphunzire kudumpha chingwe? Ukapanda kuupeza ufiziyo wakowo pamapeto pake, udzadya chiyani? Wisilo? Unesi uli ndi malo. Umaliza lero, mawa ntchito."

"Sindikufuna unesi."

"Ine ndinkaufuna? Ndinkafuna kuimba pawailesi. Tiwafunsa amalume ako Lamulungu, atuluke m'mitingimo atigamulire."

Ndinanyamuka n'kupita kuchipinda kwanga. Amayi anaganiza kuti ndagonja. Sanadziwe kuti mawa lake linali Loweruka, ndipo Loweruka lililonse ine ndinali ndi kopita.

3

Apa ndi pamene ena a inu muyambe kundiweruza.

Ndinali ndi bambo wina ku Bilston. Wamkulu, wa msinkhu wa adadi. Loweruka lililonse kuyambira m'Malichi ndinkakwera basi nambala 50 mpaka m'tauni, kenako thiramu ku Snow Hill, kasitima kaja koyenda pakati pa mafakitale akufa a ku Black Country, n'kukatsika ku Bilston. Kiyi wa nyumba yake ndinali naye, ndinkamubisa m'sokosi. Amayi ndinawauza kuti ndikupitiriza kuonera ntchito kukiliniki ina kumeneko kuti mayunivesite adzandione kuti ndine wakhama. Anandigulira mpaka nsapato zafulati.

Ndinalumbira kuti sindidzauza munthu za bamboyu. Si kulumbira kwa ana asukulu kuja konyambita chala n'kuloza kumwamba ayi. Anandilumbiritsa potchula akufa.

Loweruka limenelo kunja kunacha bwino, ndiye ndinamuumiriza kuti tituluke, tikafike kumsika. Anakana, ndinakakamira, anavala chipewa n'kuchitsitsira kumaso. Tinayenda pang'onopang'ono pakati pa ogulitsa zipatso ndi mapoto. Ndinali wokondwa moti ndinaiwala lamulo loyamba la Mmalawi wa ku England: kulikonse kumene zinthu zikutchipa, wina wa kutchalitchi ali pomwepo.

4

Anti Rabecca si achibale athu. Ndi mnzawo wa amayi, mzamba, amakhala ku Hillfields ku Coventry, koma amapemphera kwathu kuno chifukwa ku Coventry anayambana ndi kwaya yonse. Lamulungu titaweruka kutchalitchi anatitsatira kunyumba osaitanidwa. Anakhala pasofa, anavula nsapato, anapempha tiyi, kenako anayamba.

"Amake Ndazi, ine si wamiseche."

Adadi anatenga rimoti.

"Dzulo ndinapita ku Bilston kukagula makatani. Ndikusankhasankha, ndiona mtsikana kutsogoloku. Ndikuti, chiuno ichi ndikuchidziwa. Ife azamba nkhope timaiwala, koma chiuno ayi. Kuyang'anitsitsa, mwana wanu uyu. Ali ndi chibambo."

"Chibambo?"

"Chachikulu, imvi zili mbuu m'khosimu. Dzanja la mwana wanu lili kumbuyo, m'kati mwa lamba wa chibambocho. M'kati! Atafika pogulitsa nsomba, atulutsa kansalu, akuchipukuta pakamwa. Masanasana, Amake Ndazi, pamaso pa azungu."

"Nkhope munaiona?"

"Chipewa chinaphimba, komanso ine ndinali nditabisala m'makatani. Koma ndi wakuda ngati ife tomwe. Kayendedwe kake ndiye kamatama, kukoka mwendo umodzi ngati mabwana ochokera ku Joni. Ndinangoti, ameneyu ali ndi ndalama ndipo akufuna tonse tidziwe."

Amayi anatembenukira kwa ine. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Ndaziona, kiliniki yako ija dzina lake ndi chiyani?"

Ndinayang'ana mapazi a Anti Rabecca.

"Zimene akunenazi n'zoona?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Nanga ndikanakana chiyani? Lamba ndinagwiradi. Pakamwa ndinapukutadi.

Anti Rabecca anadzuka kudzandiyeza. Ananditsegula zikope, anandiyang'ana zikhatho, anasuzumira pakadzenje ka pakhosi kuona ngati pakugunda mofulumira, monga amachitira azimayi akumudzi.

"Mimba sindikuiona," anatero mokhumudwa. "Koma izi zimabisala."

"Wolverhampton!" anakuwa amayi mwadzidzidzi, akuwomba m'manja kamodzi. "Rabecca, Wolverhampton ndi Bilston n'kutali?"

"Khomo ndi khomo."

"Ndiye digiri ya mpira ija ndi imeneyi? Iwe, mpira wake umenewu?"

"Mum, si choncho."

"Nanga n'chiyani? Ndi ndani?"

"Sindinganene. Ndinalumbira."

"Walumbira! Amudyetsa kale mwanayu."

Anatenga foni. Anaimbira amalume, osayankha. Ndiye analemba meseji yaitali, akuiwerenga mokweza polembapo kuti Anti Rabecca aziwonjezera mchere. Anafotokoza za chibambo cha ku Bilston, za lamba, za kansalu. Anati ku Plymouth, kumapeto kwenikweni kwa dziko, kuli malo a unesi, ndipo kuli mnzawo wina wopemphera kwambiri amene angandisunge. Pomaliza analemba kuti: Achimwene, mwana ndi wanu, gamulani.

Kunena zoona mtima wanga unakhala m'malo. Ndinadziwa kuti amalume andiombola. Ndinamwa ngakhale tiyi.

Foni inalira. Amayi anawerenga, kenako anandipatsa kuti ndiwerenge ndekha.

"Mwana wopanda mwambo. Apite ku Plymouth. In a meeting."

Ndinaseka. Ine amene kutchalitchi sanandimvepo ngakhale kutsokomola, ndinaseka mpaka misozi, mpaka adadi anatsitsa TV. Anti Rabecca anayamba kudzudzula ziwanda.

"Mawa m'mawa uimbira Plymouth ine nditaima pambali pako," anatero amayi.

Kuseka kunatha.

"Chabwino," ndinatero, ndipo mawu anga anandidabwitsa ndekha. "Koma tisanaimbe, tiyeni ndikakuonetseni bamboyo."

5

Lolemba amayi anali pa ofu. Anavala nsapato zawo za kuwodi, zija zosaterera, n'kumanga chitenje pamwamba pa jinzi. Anti Rabecca anasinthanitsa shifiti ndi mnzawo, anafika ndi Baibulo kudzanja lina, ambulera yaikulu kudzanja lina, kunja kulibe ndi kamtambo komwe.

"Gresham, tiyeni," anatero amayi.

"Imeneyo ndi ya kuchikazi," anayankha adadi.

M'thiramu anandiika pakati ngati mkaidi. Njira yonse ankagawana ntchito.

"Inu mukayambe ndi mawu a Mulungu, ine ndikamalize."

"Akakhala wa ku Nigeria?"

"Ambulera siona mtundu."

"Akakhala wokwatira, mkazi wake timuuza ife."

Ine maso anali pawindo. Ndinkadziuza kuti lumbiro ndi la anthu awiri, wina akakuponya m'madzi kuti iye asanyowe ndiye kuti latha. Koma akufa aja ndinawatchula ndi pakamwa panga, ndipo sindinkadziwa ngati akufa amamva zifukwa.

Tinatsika, tinadutsa msika, tinakhotera kuseri kwa mashopu kumene kuli timafulati tapansi ta njerwa zofiira. Pakhomo lachitatu ndinawerama n'kutulutsa kiyi m'sokosi.

"Ali ndi kiyi," ananong'ona amayi. "Rabecca, ali ndi kiyi."

Ndinatsegula. Amayi anandikankhira pambali n'kulowa ngati mphepo, Anti Rabecca pambuyo ambulera ili patsogolo.

Bamboyo anali pampando wake wautali pafupi ndi windo, atavala buluku la lasitiki ndi juzi yothimbirira. Dzanja lamanzere linali litapindikira pachifuwa ngati phiko la nkhuku yowotcha. Pakamwa panali patapotokera mbali imodzi. Foni inali pamiyendo.

Amayi anaima chilili. Anapisa m'chikwama, anatulutsa foni yawo, anadina. Foni ya pamiyendo ija inayamba kulira. Anaisiya ilire, ilire, maso ali pa mwini wake.

"Yankhani, achimwene," anatero chapansipansi. "Kapena muli pamitingi?"

6

Aberdeen amalume sanapiteko ndi tsiku limodzi lomwe.

Ndinawapeza m'Febuluwale, sabata ija ndinkatsatira a Ann. Malo a ku Birmingham anali atadzaza, ndiye sukulu inanditumiza kwa iwo, amene ankayendera odwala m'makomo cha ku Bilston. M'galimoto anandiuza lamulo lalikulu la ntchitoyi, loti zimene waona m'nyumba ya wodwala zimatsala momwemo. Tinagogoda pakhomo lina, tinalowa, ndipo wodwala sitiroko amene tinadzamuona anali mwinimbumba wanga.

Anandiyang'ana, ndinawayang'ana. Kenako ndi pakamwa popotoka paja anati, "Nice to meet you." Nanenso ndinati, "Nice to meet you." Sindikudziwa kuti wabodza wamkulu m'banja mwathu ndi ndani.

A Ann atatuluka kukatenga chogwirira kugalimoto, amalume anandikoka ndi dzanja lawo labwino. Mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi, ngati akuwakumba. Za maakaunti zinatha kalekale. Ankalongedza makatoni m'nyumba ina yosungira katundu, masuti aja ankangovala pobwera kwathu. Anagwa ali pantchito. Meseji ya Aberdeen anailemba ali gone m'chipatala.

"Tiyeni ndiwauze amayi," ndinatero. "Ndi nesi, akusamalirani."

Anayamba kulira. Chimene ankaopa chinali chomwecho. Umphawi sankauopa kwenikweni, ngakhale kusekedwa. Ankaopa kuti mlongo wawo ndi nesi, akawapeza chonchi sadzafunsa munthu, adzapinda manja a malaya, adzawavula, adzawasambitsa. Inu a kwathu mukudziwa. Mlongo saona thupi la mlongo wake. Azungu amene ankabwera kudzawasambitsa analibe nawo kanthu, amenewo si anthu oti ungawachitire manyazi. Koma Mildred, mwana amene ankamubereka kumsana popita kudimba? "Bola ndife," anatero. Anandilumbiritsa pa manda a amayi awo, agogo anga.

Nthawi ya a Ann yowayendera itatha, ndinapitiriza ndine. Ndinawaululira a Ann kuti ndi amalume anga. Anati sangaletse mwana kukaona amalume ake, ndipo anandionetsa kagwiridwe: uime kumbali yofookayo, dzanja ligwire lamba kumbuyo, akapepesuka usakoke mkono. Tinayamba ndi kudzuka pampando. Kenako mpaka kukhitchini. Kenako mpaka pageti. Ankanditukwana, ine ndinkangoti, "Kamodzinso." Pamenepo ndi pamene ndinaiwala zoweruka dzuwa lisanalowe. Ndinkagona ndikuganiza za bondo lawo, chifukwa chake limathawira kumbuyo akaliponda. Chemistry inafera pomwepo.

Loweruka limene Anti Rabecca anatiwona linali loyamba kufika kumsika.

7

Foni ija inkalirabe. Woyamba kupeza mawu anali Anti Rabecca.

"Ndiye chibambo chija ndi alongo anu? Yesu wanga! Ndi mwana wa mlongo wawo weniweni? Izi ndiye za ufiti, za zizimba..."

"Rabecca, tseka pakamwa. Sukuona kuti munthuyu wadwala sitiroko?"

"Ine ndimaona za kumunsi, asisi."

Amayi sanalire msanga. Anatsegula firiji, ananunkhiza mkaka. Anatenga mabokosi a mankhwala pawindo n'kuwerenga limodzilimodzi. Anagwira amalume pamkono kumva kugunda kwa mtima. Atamaliza zonsezo anakhala pansi, pakapeti, anatambasula miyendo ngati pamaliro, n'kulira kulira kwa ku Dowa, kotchula mayina a anthu amene anapita kale. Woyandikana nyumba anagogoda khoma.

Kenako anapukuta m'maso ndi chitenje, ndipo mkwiyo unafika.

"Mwana wopanda mwambo? Munalemba ndi chala chanu, mwana wopanda mwambo? Mwana amene amakupukutani dovu?"

Amalume anayang'ana pansi. "Ndi... na... opa."

"Munaopa! Ndiye mumati apite ku Plymouth ndi mbiri ya uhule, inu mutsale ndi Aberdeen wanu? Akanapita, bwenzi akukuyendetsani ndani? Mitingi?"

Amalume anandiyang'ana ine, ndipo m'maso mwawo munalibe kupepesa. Munali mlandu.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinatenga lamba pakhoma, lamba wawo wa suti uja, ndinawamanga m'chiuno pamwamba pa juzi.

"Malume, mapazi kumbuyo. Weramirani kutsogolo. Dzukani."

Anafuna kukana, koma thupi linali litazolowera mawu anga. Anadzuka. Tinayenda mpaka kukhitchini, tinatembenuka, tinabwerera. Amayi ankayang'ana mapazi awo ndi maso a kuwodi.

"Anayamba ali bwanji?"

"Sankadzuka okha."

"Hmm."

Kenako amayi anadzuka n'kukonza chitenje.

"Chigamulo cha munthu wa ku Aberdeen ndachifafaniza, chifukwa munthuyo kulibe. Wa ku Bilston ndi wodwala, ndipo odwala sagamula milandu. Bambo ako ndi mkamwini. Ine maganizo anga ukuwadziwa, ndipo sanasinthe: unesi ndi ntchito, mpira ndi mpira." Anatola foni pamiyendo ya amalume n'kundipatsa. "Gamula wekha. Koma uimbe pompano, tonse tikumva. Ngati sungathe kulankhula ndi mzungu pafoni, odwala udzalankhula nawo bwanji?"

Mukanandiuza kuti ndisankhe pakati pa kuimba foni pamaso pa anthu ndi kuzulidwa dzino, bwenzi nditatsegula pakamwa. Manambala onse awiri ndinali nawo. Ndinadina ya Wolverhampton.

Anayankha bambo wa mawu otopa. Anati malo atsala, koma anafuna kudziwa chifukwa chimene ndikufunira kosi imeneyi, poti ambiri ongolephera kwina amangoigwira ngati nthambi. Anti Rabecca ankandikupiza ndi Baibulo.

Ndinamuuza m'Chingerezi chonjenjemera kuti ndili ndi amalume amene m'Febuluwale sankatha kudzuka pampando, ndipo dzana anafika kumsika. Ndinati ndikufuna kudziwa chimene chinachitika m'mwendo mwawo, chifukwa ine ndinkangogwira lamba. Ndinati ndikamaliza ndikufuna ufiziyo, ndipo ndikudziwa kuti njirayi ndi yaitali. Ndinalankhula mpaka bamboyo anandidula yekha kuti andiuze kuti malo ndi anga.

"Kani amalankhula mwanayu?" anatero Anti Rabecca.

8

Amalume tinawasamutsira ku Kings Heath sabata yomweyo. Anakana, analira, anagwira chitseko ndi dzanja lawo labwino, maso ali pa amayi.

"U... sa... ndi... sambitse."

"Ndani wanena kuti ndikusambitsani? Ndili ndi nkhalamba zokwanira kuntchito. Alamu anu alipo, amangokhalira TV."

Ndiye adadi anapeza udindo. Tsiku loyamba ndinawamva kubafa, mawu ali okoma ngati munthu amene wadikira zaka makumi awiri: "Alamu, nthawi yonseyi mwakhala mukugamula za m'nyumba mwanga. Lero kwezani mkono."

Chipinda chimene amalume anapatsidwa ndi changa. Ine ndimagona pasofa, mabuku a minofu ndi mafupa ali pansi pake. Anti Rabecca sanapepese. Anakaimirira kutchalitchi kupereka umboni woti Mzimu unawatsogolera ku makatani a ku Bilston kuti akapeze nkhosa yotayika, ndipo anthu anawomba m'manja. Amayi akafunsidwa chimene ndikuphunzira amati "pre-physio", kosi imene kulibe pa dziko lonse lapansi. Ndikabwera ndi thirakisuti amangopumira m'mwamba.

9

Anzanga owerenga, makamaka inu amene muli pamphambano ngati imene ndinalipo, sindikulonjezani kuti ndinasankha bwino. Ndili chaka choyamba. Ufiziyo uja ukhoza kudzandikananso, ndipo amayi adzakhala ndi mawu oti anene mpaka ndidzakalambe. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'kalasi akamafotokoza za bondo, ine ndimaona bondo lenileni, la munthu amene ndimamudziwa, ndipo sindiwodzera.

Koma lumbiro ndinaswa. Ena adzati ndinachita bwino, munthu anapezeka, banja linakumana. Musandikometsere. Miyezi yonse ija amalume ali okha ndinakhala chete, ndinaulula tsiku limene chinsinsicho chinafuna kundidyera changa. Ngati agogo akumva kumene aliko, ndikhulupirira kuti mlanduwu adzaugawa pakati, ine ndi mwana wawo.

Amalume sanandikhululukire. Chifikireni kwathu sankandilankhula. Zolimbitsa thupi ankachita, poti amayi amaima pakhomo, koma ankachita ngati akulamulidwa ndi wailesi. Ndikati dzukani, adzuka. Ndikati mwadzuka bwanji, ayang'ana khoma.

Sabata yatha tinali pamasitepe, ine kumbuyo kwawo. Anakwera, anapuma, anakweranso. Atafika pamwamba anatembenuka pang'onopang'ono, anandiyang'ana m'maso, n'kunena mawu amodzi.

"Mthirakuwiri."

Liwulo linatuluka lonse, loyera, lopanda kukoka, lopanda dovu. Yesani kulitchula inuyo muone mmene lilime limagwirira ntchito. Munthu amene miyezi ingapo yapitayo ankalephera kunena "madzi".

"Malume," ndinatero, "tanenaninso."

"Mthirakuwiri iwe."

"Kamodzinso. Mokweza, amayi amve kukhitchini."